Tisanagule ndege zankhondo: zimene Benoni, Dunnottar ndi Kempton Park zikutiuza

Amalawi okhala ku Tembisa, ku Kempton Park ndi ku Daveyton anazolowera kale mkokomo wa ndege. Zimatera ndi kunyamuka pa bwalo la O.R. Tambo usana ndi usiku, moti amene amakweza maso kumwamba ndi mlendo yekha. Koma dera lomweli, limene lero likutchedwa Ekurhuleni ndipo azigogo athu a pa Wenela ankalidziwa ndi dzina loti East Rand, lili ndi mbiri ina ya ndege imene sikambidwa kawirikawiri. Gulu la ndege zankhondo la South Africa linaponya mabomba ake oyamba kuno. Linaphunzitsira oyendetsa ndege ake kuno kwa zaka zoposa 40, ndipo ndege zake zambiri zinkapangidwa ndi kukonzedwa konkuno. Wofuna kumvetsa mmene dziko limaganizira za mphamvu zake za mumlengalenga, ndi mmene limasokerera pa maganizowo, angoyenda mtunda wa pakati pa Kempton Park, Benoni ndi Nigel.

Asilikali ali ndi buku limene amalitcha doctrine. M'bukumo gulu lankhondo limalemba zimene limakhulupirira pa kagwiritsidwe ntchito ka zida zake: ndegezi n'zantchito yanji, akuzilamula ndani, iyambe ndi ntchito iti pamene ndege zili zochepa koma oziitana ali ambiri, ndiponso ndi zinthu ziti zimene woyendetsa ndege sayenera kuchita ngakhale atalamulidwa. Mapulani a nkhondo amabisidwa, koma doctrine mayiko ambiri amaisindikiza poyera. Ya Britain, ya America, ya Australia ndi ya India aliyense angathe kuiwerenga pa intaneti. Pamwamba pake pali malamulo oyendetsera dziko ndi ndondomeko ya boma ya chitetezo, pansi pake pali malangizo a tsiku ndi tsiku a m'mabwalo a ndege. Ikalembedwa moona mtima, ndiyo imauza boma ndege zoti ligule, anthu oti liphunzitse ndi ndalama zoti lipatule chaka ndi chaka. Ikasowa, amasankha ndi ogulitsa zida pamodzi ndi andale, asilikali n'kumangolandira chimene chabwera.

Nkhaniyi ikuyambira pa Jan Smuts. Mu 1917 ndege za Germany zitaphulitsa London masanasana, boma la Britain linapempha Smuts, amene panthawiyo anali m'gulu la nduna zoyendetsa nkhondo kumeneko, kuti aunike vutolo. Lipoti lake la mu August chaka chomwecho linati ndege zisakhalenso nthambi chabe ya asilikali apamtunda kapena apamadzi, zikhale gulu loima palokha. Royal Air Force inabadwa pa 1 April 1918 kuchokera m'lipoti limenelo. Smuts atabwerera kwawo n'kukhala nduna yaikulu, Pierre van Ryneveld anapatsidwa udindo woyambitsa gulu la ndege la South Africa kuyambira pa 1 February 1920, ndipo Britain inapereka ndege 100 zotsala kunkhondo ngati mphatso.

Ndege zinalipo, oziyendetsa analipo, koma funso loti n'zomenyera yani linali lisanayankhidwe. Linayankhidwa ndi sitalaka. Mu January 1922 azungu ogwira ntchito m'migodi ya golide ananyanyala ntchito pokana ganizo la eni migodi lopereka kwa anthu akuda, pa malipiro otsika, ntchito zina zimene zinkasungidwira azungu. Pofika mu March sitalakayo inali itasanduka kuukira boma. Magulu a onyanyalawo anagwira Benoni ndi Brakpan, ndipo ena mwa iwo ankasaka ndi kupha anthu akuda osalakwa. Pa 10 March Smuts analengeza ulamuliro wa asilikali. Ndege za mtundu wa DH.9 zinanyamuka ku Pretoria n'kudzawombera ndi kuponya mabomba m'tauni ya Benoni, cha pamene panali holo ya ogwira ntchito. Apansi nawo ankabwezera ndi mfuti zawo, moti msilikali wina anaphedwa ali m'ndege momwemo. Chipolowe chonsecho chinapha anthu oposa 150. Kumapeto kwa May chaka chomwecho ndegezo zinatumizidwa ku South West Africa, dziko limene lero ndi Namibia, kukaphulitsa anthu a mtundu wa Bondelswarts amene ankakana msonkho wa agalu, ndipo kumeneko kunafa anthu oposa 100.

Mabomba oyamba a gulu limeneli, tsono, anagwera m'tauni ya dziko lake lomwe, ndipo achiwiri anagwera pa abusa a ziweto. N'chifukwa chake ndikuona kuti tsamba loyamba la doctrine ya dziko lililonse la mu Africa liyenera kunena za malire a ndege lisananene za mphamvu zake. Ndege ndi chida chokopa kwambiri kwa wolamulira amene wapanikizika: imafika msanga, imaopseza, ndipo woponya bomba saona nkhope ya amene wamupha. Malamulo a South Africa a mu 1996 anayesa kutseka khomo limeneli. Gawo 200 likuti ntchito yaikulu ya asilikali ndi kuteteza dziko, malire ake ndi anthu ake, ndipo gawo 201 likuti pulezidenti yekha ndiye angawatume kukathandiza apolisi kapena kukagwira ntchito kunja, atatero adziwitse Nyumba ya Malamulo. Kwathu gawo 160 la malamulo oyendetsera dziko likutchula ntchito za asilikali, kuphatikizapo kuthandiza boma pa nthawi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi kukagwira ntchito kunja motsatira mapangano a mayiko. Doctrine imayenera kumera pa mawu amenewa.

Pa zaka za m'ma 1920 zomwezo ku Ulaya ndi ku America kunali anthu olota zazikulu. Giulio Douhet wa ku Italy anatulutsa buku mu 1921 lonena kuti nkhondo zam'tsogolo zidzapambanidwa pophulitsa mizinda ya adani mpaka anthu wamba atakakamiza boma lawo kugonja. Billy Mitchell wa ku America anamiza sitima yankhondo ya Ostfriesland ndi mabomba a ndege chaka chomwecho pofuna kuonetsa kuti nthawi ya sitima zikuluzikulu yatha. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inayesa maganizo a Douhet pa London, Hamburg ndi Dresden. Anthu anafa miyandamiyanda, mizinda inasanduka phulusa, koma Britain sinagonje, ndipo Germany inagonja pokhapokha asilikali apamtunda atalowa mu Berlin.

Phunziro limene lakhalitsa linachokera m'chipululu cha kumpoto kwa Africa, kumene magulu a ndege a South Africa ankamenya nkhondo limodzi ndi a Britain. Poyamba mkulu aliyense wa asilikali apamtunda ankafuna ndege zakezake zomazungulira pamwamba pa anyamata ake. Zotsatira zake, ndege zinamwazikana ziwiriziwiri, zitatuzitatu, ndipo mdani ankazithyola mosavuta. Arthur Tedder ndi Arthur Coningham anakakamira kuti ndege zonse zikhale pansi pa mkulu mmodzi wodziwa za mumlengalenga, amene likulu lake likhale pafupi ndi la mkulu wa apamtunda, awiriwo azigwirizana tsiku lililonse kumene mphamvu zonse zilunjike. Aamerika anaphunzira zomwezo ataswedwa ku Kasserine mu February 1943, ndipo mu July analemba m'buku lawo la FM 100-20 kuti mphamvu zapamtunda ndi za mumlengalenga n'zofanana, palibe yotumikira inzake. Mpaka lero pafupifupi doctrine iliyonse imabwereza mfundo imeneyi, kuti ulamuliro ukhale pamodzi koma amene ali pamalo a ntchito apatsidwe ufulu wosankha mmene aigwirire. Dziko likakhala ndi ndege zochepa, mfundoyi imakula mphamvu, chifukwa helikopita imodzi ikaperekedwa kwa bwana kuti izimudikira pa msonkhano, ndiye kuti boma lathunthu latsala lopanda helikopita.

Mabuku amenewa amagawa ntchito za ndege zankhondo m'magulu anayi: kulamulira mlengalenga, kuphulitsa adani pansi kapena pamadzi, kunyamula anthu ndi katundu, ndi kuzonda. Onse amati yoyambayo ndiyo imatsegulira zinazo njira. Anthu a ku Lusaka anaona tanthauzo lake pa 19 October 1978, pamene ndege za Rhodesia zinaphulitsa kampu ya ZAPU, gulu lomenyera ufulu wa Zimbabwe, ku Chikumbi, kumpoto kwa mzindawo. Wotsogolera ndegezo analankhula pa wailesi ndi oyang'anira bwalo la ndege la Lusaka, kuwauza kuti ndege zankhondo za Zambia zisayerekeze kunyamuka, ndipo sizinanyamukedi. Kwa kanthawi mlengalenga wa dziko lodziimira palokha unali m'manja mwa alendo. Aliyense wonena kuti dziko losauka lisavutike n'kuganiza za chitetezo cha mumlengalenga akumbukire tsiku limenelo.

Tiyeni tsopano ku Dunnottar, kufupi ndi Nigel, chifukwa mbali imene andale amaiwala msanga ili kumeneko. Pa nkhondo yachiwiri South Africa ndi Britain anagwirizana zophunzitsira anthu a m'ndege kuno, kutali ndi mabomba a Germany, ndipo sukulu za pangano limenelo zinatulutsa anthu oposa 33,000. Imodzi inali ku Benoni, ina ku Dunnottar. Nkhondo itatha, Central Flying School inakhazikika ku Dunnottar kuyambira 1946 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene inasamukira ku Langebaanweg. Ndege yophunzirira inali Harvard, ya mipando iwiri, wophunzira kutsogolo, mphunzitsi kumbuyo. Inali yaphokoso loboola m'makutu, ya kagudumu kakang'ono kumchira, ndipo potera inkatembenuka mwadzidzidzi ngati wophunzira wachedwa kuponda ndi phazi. Dera lino lili pamtunda wa mamita oposa 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya ndi wopepuka, kukatentha injini imafooka, mapiko sagwira bwino, ndipo ndege imafuna msewu wautali kuti inyamuke. M'chilimwe, chakumasana, mitambo yakuda ya ziphaliwali imaunjikana mofulumira. Mnyamata wophunzira kuno ankadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti manambala olembedwa m'buku la ndege ku Ulaya sagwira ntchito chimodzimodzi pamalo okwera ngati ano.

Ndege za Harvard zinapuma mu 1995, zitatumikira zaka zoposa 50. Chimene chinazikhalitsa ndi amakaniko odziwa bawuti iliyonse, masipeya opezeka ndi aphunzitsi ophunzitsa aphunzitsi anzawo. Ndege ingagulidwe m'chaka chimodzi, koma woyendetsa wodalirika amatenga zaka, ndipo luso lake limazilala akakhala miyezi osauluka. Makaniko amene siginecha yake imaloleza ndege kunyamuka amatenganso zaka zambiri. Helikopita imawerengedwa maola: ikakwanitsa akutiakuti iunikidwe, ikafika akutiakuti injini ndi giyabokosi zitsitsidwe, kaya ikuoneka yabwinobwino. Doctrine imene sikunena maola oti woyendetsa aliyense aziuluka pa chaka, ndi kumene ndalama za mafuta a maolawo zichokere, ndi pepala longokongoletsa shelefu.

Ku Kempton Park nkhani yake ndi ya zipangizo. Bungwe la United Nations litapempha mayiko mu 1963 kuti asiye kugulitsa zida ku boma la tsankho, kunatsegulidwa kampani ya Atlas Aircraft Corporation pambali pa bwalo la ndege limene panthawiyo linkatchedwa Jan Smuts. Atlas inayamba ndi kupanga Impala, ndege ya ku Italy ya mtundu wa MB-326, mwa chilolezo. Chiletsocho chitakhala chokakamiza mu November 1977, kugula ndege zatsopano kunja kunatsekeka, ndipo ntchito inasanduka yokonzanso zakale. Mirage III inasandulika Cheetah, imene inaonetsedwa poyera mu 1986. Helikopita ya Puma inabala Oryx, ya injini zamphamvu zoyenera malo okwera ndi otentha. Rooivalk, helikopita yomenyera nkhondo, inauluka koyamba mu February 1990. Luso la mainjiniya amenewa linali lenileni, koma tisaiwale chimene linkatumikira. Ndege za boma limenelo zinaphulitsa Cassinga ku Angola pa 4 May 1978, Matola ku Mozambique mu May 1983 ndi Makeni kufupi ndi Lusaka mu May 1986. Doctrine ingathe kukhala yolongosoka bwinobwino koma ikutumikira choipa.

Nkhondo ya ku Angola inaonetsanso mmene kusowa kwa masipeya ndi kutalika kwa mtunda zimasinthira kamenyedwe. Pa nkhondo ya ku Cuito Cuanavale mu 1987 ndi 1988, ndege za Mirage F1 zinkachokera kumabwalo a kumpoto kwa Namibia, mtunda wa makilomita mazana angapo, n'kufika mafuta atatsala ochepa. Ndege za MiG-23 za Angola ndi Cuba zinkachokera ku Menongue, pafupi, zikutsogozedwa ndi rada ndiponso zikutetezedwa ndi mizinga yapansi. Mirage iliyonse yogwa inalibe ina yolowa m'malo. Choncho oyendetsa anayamba kuuluka mokwechesa mitengo kuti rada isawaone, kukwera mwadzidzidzi, kuponya mabomba ali patali n'kubwerera msangamsanga. Asilikali apamtunda anazolowera kubisala masana ndi kuyenda usiku. Pa 27 June 1988 ndege za MiG zinaphulitsa damu la Calueque n'kupha asilikali a South Africa oposa 10. Gulu limene linkaoneka losagonjetseka m'chigawo chino linali litalephera kulamulira mlengalenga pamwamba pa anthu ake.

Ufulu utabwera mu 1994, South Africa inayamba bwino. Ndondomeko ya chitetezo ya mu 1996 inati South Africa ilibe mdani woiopseza posachedwa ndipo asilikali ake akhale odziteteza, osati oputa anzawo. Kafukufuku wa mu 1998 anafotokoza kukula kwa gulu lofunika. Kenaka mu 1999 kunasainidwa mgwirizano waukulu wogula zida, umene pamapeto pake unabweretsa ndege za Gripen 26, za Hawk 24 ndi helikopita za Agusta A109 zokwana 30, kuphatikizapo sitima zapamadzi. Mgwirizanowu wakhala m'makhoti ndi m'manyuzipepala kwa zaka zoposa 20 chifukwa cha nkhani za ziphuphu, ndipo lipoti la komiti ya Seriti yofufuza nkhanizi limene linauyeretsa linathetsedwa ndi khoti mu 2019. Koma ngakhale pakanapanda katangale, funso la doctrine likanatsalabe: kodi zogulidwazo zinali zogwirizana ndi ntchito imene inkabwera?

Ntchito imene inabwera inali ya mtundu wina. M'chaka cha 2000 madzi osefukira atamiza chigwa cha Limpopo ku Mozambique, helikopita za South Africa zinapulumutsa anthu oposa 14,000 m'mitengo ndi pamadenga, kuphatikizapo mayi amene anaberekera mumtengo kufupi ndi Chibuto. Malawi nayenso anatumiza helikopita zake kukathandiza. Kenaka kunabwera ntchito zosungitsa mtendere ku Burundi, ku Congo ndi ku Darfur, zonse zofuna ndege zonyamula katundu wolemera mtunda wautali. Ndege za C-130 za ntchito imeneyi zinagulidwa mu 1963, ndipo oda ya ndege zatsopano 8 za A400M inathetsedwa mu 2009 chifukwa cha kukwera mtengo. Mu March 2013 asilikali a South Africa anazingidwa ku Bangui opanda ndege yowateteza, ndipo 13 anafera pankhondopo. Miyezi ingapo pambuyo pake, pa 4 November 2013, Rooivalk inamenya nkhondo yake yoyamba kummawa kwa Congo pothandiza gulu la United Nations la asilikali a South Africa, Tanzania ndi Malawi. Inaswa malo a zigawenga za M23 ku Chanzu, ndipo tsiku lotsatira zigawengazo zinalengeza kuti zasiya nkhondo. Helikopita zochepa, zili pamalo oyenera, zikulankhulana bwino ndi apansi, zinasintha zinthu m'maola ochepa. Mu January 2025 M23 yomweyo inalanda Goma, asilikali a SADC alibe chitetezo chokwanira cha mumlengalenga. South Africa inataya asilikali 14, ndipo Malawi inalira ana ake atatu.

Chinachitika n'chiyani pakati pa 2013 ndi 2025? Ndalama za chitetezo zinatsika mpaka kuchepera 1 peresenti ya chuma cha dziko, ngakhale kafukufuku wa boma wa mu 2015 anachenjeza kuti gulu lankhondo likulowa pansi moopsa. Kale mu 2013 nduna ya chitetezo inauza Nyumba ya Malamulo kuti Gripen 12 zinali zitangosungidwa. Chakumapeto kwa 2021 Gripen zonse zinaima kwa miyezi yambiri chifukwa mgwirizano wozikonza unali utatha. Denel, imene inalowa m'malo mwa Atlas ku Kempton Park ndipo ndiyo mwini luso la Oryx ndi Rooivalk, inalowereredwa ndi akuba. Komiti ya Zondo yofufuza za katangale inafotokoza mmene kampani ya VR Laser ya konkuno ku East Rand, yolumikizana ndi banja la Gupta, inapezera makontrakiti ku Denel. Pofika 2020 Denel inkalephera kulipira antchito ake malipiro athunthu, ndipo mainjiniya ambiri anapita kukagwira ntchito kumayiko a Aluya. Akuluakulu anati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Ndege yowerengedwa ndi imene inganyamuke mawa m'mawa, ndipo pa kawerengedwe kameneko dziko lachuma kuposa onse m'chigawo chino linatsala ndi zochepa zedi.

Ngati izi zinagwera South Africa, nanga kwathu? Nthambi ya ndege ya asilikali a Malawi inayamba mu 1976 mothandizidwa ndi Germany, n'chifukwa chake ndege zake zambiri zakhala za mtundu wa Dornier, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku Zomba. Mu 2019 nthambiyi inakwezedwa kukhala Malawi Air Force, gulu loima palokha pambali pa asilikali apamtunda ndi apamadzi. Dzina latsopano limafuna maganizo atsopano olembedwa, chifukwa gulu loima palokha liyenera kutha kufotokoza chifukwa chimene lilili. Mbiri yathu ya posachedwapa yapereka kale mitu ya bukulo. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anagumula mapiri ku Chilobwe, ku Phalombe ndi ku Mulanje, anakokolola milatho, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Midzi ina ya ku Nsanje inkafikika ndi boti kapena helikopita basi, ndipo tinadalira ndege zochokera ku Tanzania ndi ku Zambia. Chikhalirecho mu 2009 dziko lomweli linapeza ndalama zogulira pulezidenti jeti ya Falcon, imene inadzagulitsidwa mu 2013 pa mtengo wa madola 15 miliyoni.

Ndipo pali 10 June 2024. Ndege ya Dornier 228 inanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, inalephera kutera chifukwa cha nyengo yoipa, ndipo inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Wachiwiri kwa pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu anafa, ndipo ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira. Akatswiri a ku Germany ofufuza ngozi za ndege anapeza kuti munalibe makina ojambula mawu a oyendetsa kapena kayendedwe ka ndege, ndiponso kuti batire la kachipangizo kotumiza chizindikiro ndege ikagwa linatha ntchito mu 2004. Amene amadziwa Chikangawa m'mwezi wa June akudziwa chifunga chake, mmene chimakutira mitengo ya paini moti woyendetsa galimoto amayatsa nyali masana. Mafunso otuluka pamenepa ndi a doctrine enieni. Ndani ali ndi mawu omaliza oti ulendo ulephereke chifukwa cha nyengo, ndipo kodi woyendetsa ndege akakana kunyamula bwana amatetezedwa? Ndi zipangizo ziti zimene zikasowa ndege siiloledwa kunyamuka? Ndege ikasowa, amatsogolera kusaka ndani, ayambe pakatha mphindi zingati, ndipo mayiko oyandikana nawo aitanidwe liti? Mayankho ake amayenera kulembedwa kukadali bata ndi kuyesedwa mobwerezabwereza, kuti tsiku la tsoka pasakhale kufunsana.

Alipo amene amati dziko lopanda majeti omenyera nkhondo ndi dziko lopanda mpanda, ndipo amatchula mkangano wa malire a panyanja ndi zigawenga za ku Cabo Delgado. Nkhawa yawo njomveka, ndipo zimene zinachitika ku Lusaka zikuwaikira kumbuyo. Botswana inagula ndege za CF-5 ku Canada mu 1996, Uganda inagula Su-30 ku Russia mu 2011, Zambia ili ndi L-15 za ku China. Koma Malawi ndi dziko lalitali ndi lopapatiza, moti jeti ingalidutse m'mimba mwake m'mphindi 10. Popanda rada yoona ndege isanalowe, popanda oyendetsa odikira pabwalo usana ndi usiku, jeti yathu ingadzanyamuke mlendo atapita kale. Mayiko ena olemera kutiposa anasankha poyera njira ina. New Zealand inathetsa gulu lake la majeti omenyera nkhondo mu 2001 n'kuika ndalama pa ndege zonyamula katundu ndi zolondera nyanja. Estonia, Latvia ndi Lithuania amalonderedwa mlengalenga ndi anzawo a NATO kuyambira 2004. Ife tili ndi pangano la SADC lotetezana la mu 2003, ndipo magulu a ndege a m'chigawochi amachitira limodzi zoyeserera zopereka thandizo, monga Blue Okavango ku Botswana mu 2015 ndi Blue Kunene ku Namibia mu 2017. Kwa ine ndondomeko ya Malawi ndi yoonekeratu: tiyambe ndi kuona zimene zikuuluka pamwamba pathu ndi zoyenda panyanja, titsatize helikopita zonyamula ndi zopulumutsa anthu, za mtundu umodzi kuti masipeya ndi maphunziro zisamwazike, kenaka ndege zonyamula asilikali ndi katundu. Zimene sitingakwanitse tilembe mosabisa kuti tidzadalira anzathu, ndipo tipangane nawo zisanachitike.

Ma drone asintha masamu onsewa, ndipo apa Malawi sali kumbuyo kwenikweni. Ku Kasungu kunatsegulidwa malo oyeserera ma drone a ntchito zothandiza anthu mu 2017 mogwirizana ndi UNICEF, ndipo sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba ku Lilongwe mu 2020. Achinyamata odziwa kuwaulutsa ndi kuwerenga zithunzi zake alipo. Drone ingalondere nyanja, nkhalango ndi malire pa mtengo wochepa, ingajambule kumene madzi afika helikopita isananyamuke. Ikanyamula bomba, funso la ku Benoni limabwereranso. Mu December 2023 drone ya asilikali apamtunda a Nigeria inaphulitsa anthu amene anasonkhana pa mwambo wachipembedzo m'mudzi wa Tudun Biri ku Kaduna, n'kupha anthu oposa 80, ndipo gulu la ndege la dzikolo linati silinali nawo pa ntchitoyo. Chida chikatsika mtengo, ochifuna amachuluka: apamtunda, apolisi, azondi. Lamulo loti amaloleza kuwombera ndani, ataona umboni wotani, liyenera kufika chidacho chisanafike.

Kalembedwe kake sikafuna ndalama zambiri. Pamafunika maofesala ochepa amene anaulukapo pa ntchito yeniyeni, amakaniko akuluakulu, asilikali apamtunda amene anadikirapo helikopita ku Congo, a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, a zanyengo, oyang'anira ndege za anthu wamba ndi a ku Treasury. Mabuku a mayiko ena awerengedwe kuti atithandize kufunsa mafunso, koma kukopera la America, dziko la ndege masauzande, n'kudzinamiza. Zolembedwazo ziyesedwe pa zoyeserera m'nyengo yamvula ku Lower Shire ndi m'chifunga cha ku Viphya, zikonzedwe pakachitika ngozi kapena ntchito yaikulu iliyonse, ndipo zisindikizidwe kuti nzika ziziwerenga. Aphungu a komiti yoona za chitetezo m'Nyumba ya Malamulo, bajeti ikubwerayi musanavomereze kugula ndege ina iliyonse, pemphani kaye kuona doctrine ya Malawi Air Force, ndipo funsani kuti mwa ndege zimene tili nazo, zinganyamuke mawa m'mawa ndi zingati, ndiponso oziyendetsa anauluka maola angati chaka chatha.